Musanalipire puloti ku Chileka kapena ku Lirangwe: mmene mungafufuzire malo muli kutali

Malo oyandikana ndi bwalo la ndege la Chileka komanso a m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera ku Lunzu kukafika pa Lirangwe, akugulidwa kwambiri masiku ano. Ena mwa ogulawo ndi abale athu a ku Joni, amene amangoona chithunzi cha puloti pa WhatsApp n'kutumiza ndalama. Ku America, wogula nyumba amatenga inshulansi yomubwezera ndalama zikadzadziwika kuti umwini wa malowo unali ndi vuto. Kuno kwathu inshulansi yotere sinazolowereke, choncho chokutetezani ndi kafukufuku wochitika musanalipire, komanso munthu amene mwamutuma.

1. Dziwani mtundu wa malowo

Funsani wogulitsa ngati malowo ali ndi title deed kapena ndi a m'manja mwa mafumu. Ngati ali ndi lizi, akupatseni nambala ya puloti ndi ya chikalatacho. Malo ambiri a m'midzi ya kwa Kuntaja ndi yozungulira Lirangwe sanalembetsedwe ku boma, ndipo kalata yokhala ndi sitampu ya amfumu si title deed. Malamulo a malo a chaka cha 2016 anakonzedwanso mu 2022, choncho funsani ku ofesi ya za malo ya khonsolo ya boma la Blantyre ngati lamulo likulola kuti malo amenewo agulitsidwe.

2. Tumani munthu amene angayankhe mlandu

Dobadoba amadya pokhapokha malo akagulitsidwa, ndiye musayembekezere kuti angakuuzeni zoipa za pulotiyo. Mchimwene wanu angathe kukaona malowo ndi maso, koma kufufuza zikalata ndi kulemba mgwirizano wosinthira umwini ndi ntchito ya loya. Loya amayenera kukhala ndi laisensi ya chaka chimenecho, ndipo mungatsimikize dzina lake ku bungwe la Malawi Law Society. Loya akakulakwirani muli ndi kokadandaula, pamene dobadoba amangosintha nambala ya foni. Musagwiritse ntchito loya wa wogulitsa. Ngati wina adzakusayinirani inu kulibe, mulembereni chikalata chomupatsa mphamvu, chotchula puloti yokhayo ndi ntchito yokhayo.

3. Fufuzani m'kaundula wa boma

Malo olembetsedwa amafufuzidwa ku ofesi ya Unduna wa za Malo ya chigawo cha kummwera, mu mzinda wa Blantyre. Pamalipiridwa ndalama, ndipo lisiti la boma lisasowe. Zotsatira zake zikuuzeni dzina la mwini wake, kukula kwa malowo, zaka zimene zatsala pa lizi, komanso ngati malowo anaperekedwa chikole ku banki kapena wina anaikapo chiletso. Dzina la m'kaundula lifanane ndi la pa chitupa cha unzika cha wogulitsa. Ngati mwini wake anamwalira, wogulitsa aonetse zikalata za ku khoti zomupatsa udindo woyang'anira chuma cha masiye. Funsaninso ngati ndalama za lendi ya malo zimene boma limalandira chaka ndi chaka zakhala zikulipiridwa.

4. Funsani kumudzi

Pamenepa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa mbiri ya munda simapezeka mu kompyuta. Midzi yambiri ya dera lino ndi ya chikamwini: munda ndi wa mbumba, ndipo mkamwini amene wakhala akuulima zaka zambiri alibe mphamvu youpereka kwa munthu wina. Amene mwamutuma akakumane ndi mwinimbumba, alongo a wogulitsa ndi eni minda yoyandikana, aliyense payekha. Akafunse kuti malowo anali a ndani poyamba, ngati analowapo m'bwalo la milandu, ndiponso ngati pali wina amene analipirapo kale. Kenako akaonekere kwa nyakwawa ndi agulupu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, okhala ndi anthu 6 osankhidwa, mwa iwo amayi osachepera atatu. Kumene komitiyi ilipo, musaidumphe.

5. Yezetsani malire

Mtengo wa mango kapena chulu si malire odalirika. Itanani saveya wokhala ndi laisensi, amene mungamutsimikize ku dipatimenti ya boma yoyeza malo, adzaone ngati mabikoni akugwirizana ndi mapu. Aonenso ngati pulotiyo sinalowe m'malo osiyidwira msewu, pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM kapena m'malo a bwalo la ndege. Eni minda yoyandikana akhalepo tsiku loyezalo.

6. Lipirani pang'onopang'ono, mosiya umboni

Mgwirizano ulembedwe ndi kusayinidwa pamaso pa mboni za mbali zonse. Lipirani kudzera ku banki, m'dzina la mwini malo weniweni. Gawo lomaliza la ndalama lidikire mpaka zikalata zosinthira umwini zitaperekedwa ku Unduna. Sungani makope a chilichonse, ngakhale mauthenga a pa foni.

Wogulitsa akamakufulumizitsani ponena kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musatekeseke. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwini malo weniweni saopa kuti mukafunse kwa alongo ake kapena ku ofesi ya boma. Ndalama imene mwaikhetsera thukuta kuchilendo ingathe kudikira milungu ingapo, ndipo ndalama ya loya ndi saveya ndi yochepa poyerekeza ndi ya mlandu wolimbirana puloti imene mwamangapo kale maziko.