Utawaleza, Yureya ndi Mphenzi: Makalata a Omvera

WOULUTSA: Makalata a sabata ino akumana pa nkhani imodzi, nkhani ya sayansi ndi chikhulupiriro. Aphunzitsi athu a fizikisi ndi kemisitiri akhala kale pampando.

APHUNZITSI: Tiyeni tiyambe, nthawi ya pawailesi sichedwa kutha.

WOULUTSA: Yoyamba yachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 ku Dedza. Akuti: "Kusukulu tinaphunzira kuti utawaleza ndi kuwala kwa dzuwa kodutsa m'madontho a mvula. Nditawauza agogo anakhumudwa, akuti ndikunyoza chizindikiro cha Mulungu. Ndimvere ndani?"

APHUNZITSI: Mwanawe, usakangane nawo agogowo. Mawu omwe akugwiritsa ntchitowo ndi okongola kwambiri. Utawaleza ndiye kuti uta wa Leza, ndipo Leza ndi limodzi mwa maina omwe makolo athu ankatchulira Namalenga. Ambiri amanenanso kuti dzina la Chauta linachokera ku uta womwewu. Buku la Genesis, mutu 9, limauika utawo kukhala chizindikiro cha pangano. Agogo akukamba za tanthauzo lake, pomwe aphunzitsi ako akukamba za kapangidwe kake.

Kapangidweko nako. Ukaimika bango m'madzi limaoneka ngati lathyoka, chifukwa kuwala kumapindika pochoka mumpweya kulowa m'madzi. Kuwala kwa dzuwa kukalowa m'dontho la mvula kumapindika chimodzimodzi, kumagunda khoma lakumbuyo la donthoro, n'kubwerera kudzatulukira kutsogolo. Koma kuwala koyeraku n'kosakanikira mitundu yambiri, ndipo mtundu uliwonse umapindika mosiyana pang'ono ndi unzake. Wofiira umatuluka pa madigiri 42, wapepo pa madigiri 40, ina yonse pakatipo. Isaac Newton anaonetsa kusakanikira kumeneku cha m'ma 1666 podutsitsa kuwala m'kagalasi ka mbali zitatu.

Ukadzauonanso, ulifulatire dzuwa, uyang'ane mthunzi wa mutu wako pansi, utambasule mkono ndi zala. Kuchokera pamthunziwo, zikhatho ziwiri zotambasula zikufikitsa pautapo. N'chifukwa chake sungauone masana dzuwa lili paliwombo. Umaoneka m'mawa chakumadzulo, kapena madzulo chakum'mawa. Ndipo uta womwe ukuuona iwe si womwe akuuona mnzako ataima patali pang'ono, pakuti madontho otumiza kuwala m'maso mwako ndi ena, a iye ndi enanso.

Agogo ukawauze ichi, ndikhulupirira akakondwa. Oyamba kufotokoza bwino njira ya kuwala m'dontho anali anthu awiri opemphera, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300. Wina anali Msilamu wa ku Persia, Kamal al-Din al-Farisi. Wina anali Theodoric wa ku Freiberg ku Germany, wansembe wa chipani cha Dominiko. Sankadziwana, koma aliyense anadzaza madzi m'botolo lagalasi lobulungira ngati dontho lalikulu, n'kumalondola kuwala m'kati mwake. Onse awiri anatsata zomwe analemba Ibn al-Haytham ku Cairo zaka pafupifupi 300 m'mbuyomo. Anthu amenewa ankaona kuti kufufuza ntchito ya Mlengi ndi njira imodzi yomulemekezera.

WOULUTSA: Nanga zija amati utawaleza umathamangitsa mvula?

APHUNZITSI: Anaona bwino akuluakulu, kungoti anasinthanitsa choyamba ndi chotsatira. Utawo umafuna dzuwa, ndiye umaoneka mitambo ikayamba kung'ambika. Mvula imakhala yayamba kale kupita.

WOULUTSA: Yachiwiri yachokera kwa abambo omwe amasewera bawo pamsika wina ku Mchinji. Akuti mkangano unakula mpaka bawo inaima. Wina akuti feteleza wa yureya amapangidwa ndi mkodzo. Wina akuti ngati munthu angathe kupanga m'fakitale chinthu chomwe thupi limapanga, ndiye kuti tsiku lina adzapanganso moyo, Mulungu n'kukhala wopanda ntchito.

APHUNZITSI: Abambo anga, bawo yanuyo inaima pa funso lomwe linavutitsa akatswiri zaka 200 zapitazo. Ndiyambe ndi lapafupi. Yureya wa m'thumba ndi yureya wa mumkodzo ndi chinthu chimodzi ndithu. Tikadya nyemba, usipa kapena nyama, chiwindi chimasandutsa nayitirojeni wotsala kukhala yureya, impso n'kumutulutsa. Munthu wamkulu amataya magalamu 20 mpaka 30 patsiku, kutengera zomwe wadya. Koma wa m'thumbayo sachokera mumkodzo wa munthu kapena wa chiweto. Amachokera mumpweya womwe tikupumawu, poti magawo 78 mwa 100 a mpweyawu ndi nayitirojeni. Fritz Haber anapeza njira yomulumikizira ndi haidirojeni mu 1909, Carl Bosch n'kumanga fakitale yoyamba ku Oppau ku Germany mu 1913. Chotulukamo ndi amoniya, ndipo akamuphatikiza ndi mpweya wa kaboni amasanduka timibulu toyera tija. Haidirojeniyo mafakitale ambiri amamutenga ku gasi wa pansi pa nthaka, n'chifukwa chake gasi akakwera mtengo kunjako, thumba la feteleza limakweranso kwathu kuno.

Poti ndinu alimi, ndiwonjezepo ichi. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitirojeni. Mukangomwaza pamwamba dzuwa likuswa mtengo, gawo lina limasanduka amoniya n'kubwerera kumpweya komwe linachokera. Bayani dzenje pambali pa phando, thirani, kwirirani.

Tsopano funso lalikulu lija. Kale akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti zinthu za m'thupi zingapangidwe ndi chamoyo chokha, chifukwa muli mphamvu ina yapadera. Mu 1828 ku Berlin, Friedrich Wöhler akutenthetsa mchere wina wa m'labu, anapeza kuti wasanduka yureya popanda impso ya munthu kapena ya galu. Chiphunzitso chakalecho sichinagwe tsiku lomwelo, koma ming'alu inayambira pamenepo. Lero tikudziwa kuti thupi lathu lapangidwa ndi zinthu zomwe zilinso m'dothi, m'madzi ndi mumpweya: okosijeni pafupifupi magawo 65 mwa 100 a kulemera kwathu, kaboni 18, haidirojeni 10, nayitirojeni 3, kenaka kashiamu wa m'mafupa ndi ayironi wofiiritsa magazi. Wowerenga Baibulo kapena Korani sangadabwe kumva kuti munthu ndi wachibale wa dothi.

Komabe kuumba njerwa n'kosiyana ndi kumanga nyumba yomwe imadzikonza yokha ikang'aluka, n'kuberekanso nyumba zina. Mpaka lero palibe yemwe anatenga mankhwala opanda moyo n'kupanga selo yamoyo kuyambira pachiyambi. Ine chomwe ndimawapempha anzanga opemphera n'chakuti asamange chikhulupiriro chawo pa zomwe sayansi sinazifotokoze. Omwe anachimanga pa yureya anagwa nacho. Malo oterowo amachepa chaka ndi chaka, ndipo mwana wanzeru akadzaona mpata wina watsekeka amayesa kuti Mulungu wathawa.

WOULUTSA: Iyi ndi yaifupi, ya mnyamata wa ku Mzuzu. Akuti: "Kodi n'zoona kuti nkhani ya Big Bang anaipeka anthu osapemphera pofuna kutsutsa chilengedwe?"

APHUNZITSI: Ayi mphwanga, zinayenda mosiyana ndi zimenezo. Yemwe anayambitsa ganizoli anali wansembe wa Katolika wa ku Belgium, Georges Lemaître. Mu 1927 anawerengera masamu a Albert Einstein n'kupeza kuti thambo lonse likufutukuka, ndipo mu 1931 ananena kuti ngati likufutukuka, ndiye kuti kale zonse zinali pamodzi. Dzina la Big Bang linatuluka pakamwa pa Fred Hoyle, yemwe ankatsutsa ganizoli, ndipo analitchula pawailesi ngati ino, ya BBC, mu 1949. Umboni waukulu unalengezedwa mu 1965, Arno Penzias ndi Robert Wilson atapeza kutentha kotsalira kochokera mbali zonse za kuthambo. Kuwerengera kwa lero kukuti papita zaka pafupifupi 13.8 biliyoni kuchokera pa Big Bang.

Chomwe ndimamulemekezera Lemaître n'chakuti Papa Pius XII atalankhula mu 1951 ngati kuti sayansiyi yatsimikizira chilengedwe, iye sanakondwe nazo. Ankadziwa kuti masamu ake sangatsimikize kapena kutsutsa zoti kuli Mulungu, ndipo sanafune kuti awasenzetse katundu amene si wawo. Mikangano inalipo, sindingabise. Galileo anazengedwa mlandu ku Rome mu 1633 chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo mpingo unavomereza poyera kulakwako mu 1992.

WOULUTSA: Yomaliza ndi yolemera. Alemba ndi mayi wina wa ku Ntcheu. Akuti: "Mphenzi inapha mwana wa mchemwali wanga ali kudambo ndi anzake anayi. Anzakewo anapulumuka. Kumudzi akuti inachita kutumizidwa, ndipo akuloza chala agogo ena a m'banja mwathu momwemo. Ena akuti ndi chilango cha Mulungu. Inasankha bwanji mwana mmodzi pakati pa asanu?"

APHUNZITSI: Mayi, pepani kwambiri. Ambuye akutonthozeni inu ndi banja lonse. Kalata yanuyi ndiyankha mofatsa, chifukwa moyo wa agogo amenewo uli pachiswe pamene tikulankhula pano.

Mumtambo waukulu wamvula, kumwamba kwake kumazizira mpaka madzi amaundana. Mphepo yamphamvu imakweza ndi kutsitsa timatalala, n'kumakhulana tokhatokha. Kukhulanako kumasonkhanitsa mphamvu ya magetsi, monga mmene chipeso cha pulasitiki chimakokera timapepala mukachikhutiza m'tsitsi louma. Mphamvuyo ikachuluka imaboola mpweya kufuna njira yofikira pansi. Njirayo imatentha kufika madigiri pafupifupi 30,000, kuposa pamwamba pa dzuwa kasanu. Mpweya umafutukuka mwadzidzidzi, ndipo phokoso lake ndilo bingu. Benjamin Franklin anaonetsa mu 1752 kuti mphenzi ndi magetsi, ndipo kuchokera nthawi imeneyo matchalitchi ndi mizikiti yaitali imaikidwa chitsulo pamwamba cholumikizidwa ndi nthaka. Lero opemphera ambiri saona kuti chitsulocho chikulimbana ndi Mulungu.

Tsono inasankha bwanji mmodzi? Mphenzi ilibe maso, siidziwa dzina la munthu. Imakonda kugunda chomwe chatalika kuposa zinzake pamalopo: mtengo, mlongoti, kapena munthu woima padambo poyera. Koma ambiri omwe amafa sagundidwa pamutu. Mphenzi imagunda pansi kapena mtengo, magetsi n'kumwazikira m'nthaka mbali zonse, mphamvu yake ikucheperachepera pamene akutalikira. Woima pafupi amalandira yambiri, woima mapazi angapo kutali amangogwa n'kudzuka. Wotangadza miyendo magetsi amakwera mwendo wina n'kutsikira winawo, pomwe wogundanitsa mapazi amalandira ochepa. N'chifukwa chake ng'ombe zimafa zambiri nthawi imodzi pansi pa mtengo, poti miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo yatalikirana ndipo mtima uli pakati. Mwana wa mchemwali wanu anaima pomwe magetsi anadutsa ambiri. Palibe cholakwa chomwe anachita, ndipo palibe munthu padziko lino yemwe angalamule mtambo kuti ugunde wakutiwakuti.

Makolo ankamutcha Mulungu Mphambe poona ukulu wa ziphaliwali ndi mabingu, ndipo mantha amenewo ndimawamvetsa. Koma mantha akasanduka chala choloza nkhalamba, pamatuluka maliro achiwiri. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Mayi, musachedwe. Pitani kwa amfumu, kwa abusa kapena ashehe, ndi kupolisi lero lomwe, agogowo akagone pamalo otetezeka mpaka mitima itazizira.

WOULUTSA: Aphunzitsi, mvula ili pakati. Anthu adziteteze bwanji?

APHUNZITSI: Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Koma musadalire kuwerengako, chifukwa mphenzi imatha kugunda makilomita oposa 10 kutali ndi pomwe mvula ikugwa. Bingu likangomveka, siyani khasu, tulukani m'dambo, m'bwalo la mpira kapena m'madzi. Asodzi a kunyanja kochezani msanga. Musausire mvula pansi pa mtengo, pachisakasa kapena pakhonde. Lowani m'nyumba yolimba, mukhale pakati, kutali ndi zitseko, mawindo ndi makoma, osagwira mawaya kapena mpopi. M'galimoto kapena m'minibasi yotseka mawindo ndi malo abwino, poti magetsi amayenda m'chitsulo chakunja. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanatulukenso.

Malaya ofiira sakoka mphenzi, galasi loyang'anira nkhope silikoka, foni ya m'manja nayonso siikoka, pokhapokha ikhale pa chaja cholumikizidwa kukhoma. Ndipo ichi aliyense achimve: munthu wogundidwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, mugwireni osaopa. Akangoti zii osapuma, kawirikawiri chomwe chachitika n'chakuti mtima waima. Mugonekeni chagada, ikani manja anu awiri pakati pa chifuwa chake, dinikizani mwamphamvu kawiri pa sekondi iliyonse osalekeza, wina akuthamangira thandizo lopita naye kuchipatala. Ngati agwa angapo, yambani ndi yemwe wangoti zii osapuma, chifukwa wobuula uja mtima wake ukugunda.

WOULUTSA: Nthawi yatithera. Makalata otsala tidzawawerenga sabata yamawa.

APHUNZITSI: Mayi a ku Ntcheu, mutilemberenso, timve kuti agogo aja ali bwanji.