Wondilembera Uja Ndani? Phunziro pa Mabuku a Chikondi cha ku Sekondale

Ambirife tinawerengapo buku lotere, kaya pa foni usiku anzathu atagona, kaya lobwereka kwa mnzathu, chikuto chake chitachoka kalekale. Mtsikana wa ku sekondale akulandira mauthenga kuchokera kwa munthu wosatchula dzina. Munthuyo ndi wanthabwala, amamvetsa, ndipo amayankha pa nthawi yake. M'kalasi momwemo muli mnyamata wina amene mtsikanayu safuna ngakhale kumuona. Ife owerenga tikangofika pa mutu wachitatu timakhala titadziwa kale kuti awiriwa ndi munthu mmodzi, komabe bukulo sitiliika pansi mpaka kumapeto.

M'phunziroli tiona momwe nkhanizi amazilukira, komwe zinachokera, ndi malo amodzi m'nkhanimo pamene tiyenera kuwerenga mosathamanga, chifukwa ndi pomwe ambirife timameza chinthu chosatafuna.

Momwe nkhani zake zimayendera

Mabuku ambiri a mtunduwu ndi a ku America, ndipo amakamba za moyo wa m'masukulu a kumeneko. Titenge atatu.

Mu P.S. I Like You, limene Kasie West anatulutsa mu 2016, Lily watopa ndi phunziro la Chemistry ndipo akulemba mawu a nyimbo pa desiki. Tsiku lotsatira akupeza kuti wina wapitiriza pomwe iye analekeza. Awiriwa akuyamba kusiyirana makalata pansi pa desikiyo. Wolembayo ndi Cade, mnyamata amene Lily amakangana naye nthawi zonse.

Mu Tell Me Three Things la Julie Buxbaum, lomwenso linatuluka mu 2016, Jessie wataya mayi ake, bambo ake akwatiranso, ndipo achoka ku Chicago kupita ku Los Angeles. Pa sukulu yatsopano ya ana a anthu olemera alibe mnzake. Kenaka akulandira imelo kuchokera kwa wina wodzitcha Somebody Nobody, amene akumuuza woyenera kucheza naye ndi woyenera kumupewa. Kumapeto kukudziwika kuti ndi Ethan, mnzake wa m'kalasi.

Mu Tweet Cute la Emma Lord, la mu 2020, makolo a Pepper ali ndi kampani yaikulu yogulitsa zakudya, pamene banja la Jack lili ndi kamalo kodyera ku New York. Ana awiriwa akunyozana pa Twitter m'dzina la mabizinesi a makolo awo. Nthawi yomweyo akuuzana zakukhosi pa pulogalamu ina ya pa foni imene Jack anapanga yekha, wina akudzitcha Wolf, wina Bluebird.

Mafupa a nkhanizi ndi amodzi: pamaso amadana kapena sasamalana, pa kalata amakondana, ndipo buku lonse likudikira tsiku limene nkhope ndi mawu zidzakumane.

Msampha wake ndi wakale

Foni ndi yatsopano, koma kalukidwe aka si katsopano. Amene tinaphunzira Romeo and Juliet pokonzekera mayeso a MSCE tikukumbukira kuti Romeo analowa ku phwando la a Capulet atabisa nkhope, ndipo awiriwo anakondana asanadziwane mayina. Cha m'ma 1601 Shakespeare yemweyo analemba Twelfth Night, momwe Viola, atapulumuka pa ngozi ya chombo, akuvala ngati mwamuna, n'kudzitcha Cesario, n'kuyamba ntchito kwa Orsino amene akumukonda mwachinsinsi. Seweroli linasamutsidwira ku sukulu mu filimu ya She's the Man mu 2006.

Mu 1897 Edmond Rostand wa ku France analemba Cyrano de Bergerac. Cyrano ndi katswiri wa mawu koma amachita manyazi ndi mphuno yake yaikulu, choncho amalembera Roxane makalata achikondi m'dzina la Christian, mnyamata wooneka bwino koma wosowa chonena. Ndipo mu 1937 Miklós László wa ku Hungary analemba sewero la Parfumerie, la antchito awiri a m'sitolo imodzi amene sagwirizana, osadziwa kuti amalemberana makalata achikondi. Kuchokera mu seweroli munatuluka filimu ya The Shop Around the Corner mu 1940 ndi You've Got Mail mu 1998. Olemba a masiku ano anangotenga sitolo ija n'kuisandutsa kalasi.

Chimene nkhanizi zimalondola

Tisafulumire kuzinyoza, chifukwa pali choonadi chimene zimagwira. Ku sekondale munthu amapatsidwa dzina msanga: uyu ndi wanzeru, uyu ndi wa mpira, uyu ndi wosauka, uyu ndi wodzimva. Dzinalo likakumatira, ngakhale ulankhule zomveka, anthu amamva dzina lija basi. Kalata yopanda dzina imachotsa zonsezi. Lily akanadziwa kuti wolembayo ndi Cade, sakanawerenga n'komwe, ndipo sakanadziwa kuti mnyamata amene amamuyesa wonyada ali ndi mabala ake kunyumba. Phunziro limeneli ndi labwino. Ifenso tili ndi anthu pa koleji pano amene tinawaweruza sabata yoyamba ya chaka choyamba, ndipo mpaka lero sitinawamvetserepo.

Akatswiri a kaganizidwe ka anthu anafufuzapo chifukwa chimene kulemba kumamasula pakamwa. Mu 2004 John Suler anafotokoza kuti munthu akakhala pa intaneti, osaoneka nkhope komanso osadziwika dzina, manyazi amachepa. Iye anaonetsa kuti kumasukaku kuli pawiri: ena amaulula chisoni chawo ndi kuchitira anzawo chifundo, pamene ena amatukwana ndi kuchita zimene sakanayerekeza pamaso. Kumbuyoko, mu 1996, Joseph Walther anali atafotokoza kuti pocheza ndi mauthenga, wolemba amasankha zabwino zokhazokha zoti aonetse, ndipo wolandira amadzaza mipata yotsalayo ndi zimene mtima wake ukufuna. N'chifukwa chake munthu amene sitinamuonepo amatha kuoneka wabwino kuposa aliyense amene timadya naye limodzi. Theka la munthuyo timamuumba tokha.

Malo oti tiwerenge mosathamanga

Kubisa dzina m'nkhanizi kuli mitundu itatu, ndipo wolemba amatidutsitsa pa yonse ngati ndi imodzi.

Mtundu woyamba ndi pamene onse awiri sakudziwana, ndipo onse akudziwa kuti sakudziwana. Apa palibe wonamiza mnzake. Ali pa mlingo umodzi.

Mtundu wachiwiri ndi pamene mmodzi wazindikira, n'kukhala chete. Pafupifupi nkhani iliyonse ili ndi malo amenewa. Ethan akumudziwa Jessie kuyambira pa uthenga woyamba, amamuona tsiku ndi tsiku, pamene Jessie akungoganizira anthu olakwika. Lily akutulukira kuti wolemba uja ndi Cade, koma makalata sakuthera pomwepo. Mu You've Got Mail, Joe Fox akuzindikira kuti mkazi amene amalemberana naye ndi mwini kasitolo ka mabuku kamene bizinesi yake ikukagwetsa, ndipo akusunga chinsinsicho mpaka kumapeto. Kuyambira pa mphindi imeneyo awiriwa salinso ofanana. Wina akuona, wina ali mu mdima. Wina akuulula zakukhosi, osadziwa kuti womverayo ndi yemwe wakhala naye benchi imodzi m'mawa. Chilichonse chimene akuuzacho, akanadziwa, mwina sakanachinena.

Mtundu wachitatu ndi kubwereka nkhope ya munthu wina. Mu filimu ya Sierra Burgess Is a Loser ya mu 2018, imene inatengera nkhani ya Cyrano, Jamey akutumiza mauthenga kwa Sierra poganiza kuti akulankhula ndi Veronica, ndipo Sierra akupitiriza sewerolo mpaka kumupsompsona mnyamatayo iye akuyesa kuti ndi Veronica. Oonera ambiri anaidzudzula filimuyi pa chifukwa chimenechi. Khalidweli pa intaneti limatchedwa catfishing, dzina lomwe linafala kuchokera ku filimu ya Catfish ya mu 2010.

Tsono taonani zimene wolemba amachita choonadi chikaululika. Wonamizidwa uja amakwiya masamba ochepa, wonamiza amapepesa ndi mawu okoma, ndipo buku limatha akugwirana manja. Timatseka bukulo tili okondwa, koma mosazindikira taphunzira kuti ngati cholinga chinali chikondi, bodza ndi nkhani yaing'ono. Rostand anali woona mtima kuposa otsatira ake. Mu sewero lake Christian akufera ku nkhondo, Roxane akulira maliro a munthu amene sanalembe makalata aja, ndipo choonadi akuchidziwa patapita zaka 15, Cyrano ali pafupi kufa. Palibe amene anapindula.

Buku lili ndi mwini, moyo wa pa foni ulibe

Pali chinanso chimene timaiwala. M'buku, wolemba anakonzeratu kuti wosadziwika uja akhale wa msinkhu womwewo, wa sukulu yomweyo, wosakwatira, wa mtima wabwino, ndiponso wooneka bwino. Jessie sanali pa ngozi chifukwa Julie Buxbaum anali akumuyang'anira. Koma nambala yachilendo ikatilembera pa WhatsApp, kapena akaunti ya pa Facebook yokhala ndi chithunzi chimodzi ikatiuza kuti imatiwona tsiku lililonse ku laibulale, palibe wolemba amene watisankhira munthuyo. Angakhale mnzathu wamanyazi. Angakhalenso bambo wa banja lake, gulu la anyamata amene akuwerengerana mayankho athu n'kumaseka, kapena wina amene pakapita milungu iwiri adzapempha ndalama kapena zithunzi zoti adzatiopseze nazo.

Makolo athu anali nayo nthano yawo ya nkhope yobisika, koma inkatha mosiyana. Mtsikana wokana anyamata onse a m'mudzi amalola mlendo wooneka bwino amene palibe akudziwa kwawo, ndipo akafika kutali amazindikira kuti wakwatiwa ndi fisi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake pa mwambo wathu pali ankhoswe: munthu wofuna banja ayenera kudziwika dzina, kwawo ndi abale ake.

M'Baibulo nkhope yobisika pa ukwati timaipeza pa Genesis 29. Yakobo anagwirira Rakele ntchito zaka 7, koma kutacha anapeza kuti wapatsidwa Leya. Iye mwini anali atavalapo zovala za Esau ndi kunamiza bambo ake osaona, monga tiwerenga pa Genesis 27. Nkhaniyi siithera pa kupepesa. Imatitengera m'nyumbamo kwa zaka zambiri, n'kutionetsa Leya akutcha ana ake mayina osonyeza kuti akufunabe chikondi cha mwamuna wake.

Tsono tiwerenge motani?

Ambirife tinakula tikumva chenjezo la Ellen White loti nkhani zopeka zachikondi zimatha kuzoloweretsa maganizo ku maloto mpaka moyo weniweni n'kuyamba kusakoma. Pa nkhaniyi aliyense adziyese yekha. Ngati titatseka buku timayamba kuona anzathu enieni ngati osakwanira, chifukwa sayankha mwanthabwala ngati Ethan, ndiye kuti bukulo latibera kanthu. Mawu a Ethan anawalemba munthu wamkulu amene anali ndi miyezi yowakonza. Mnzathu weniweni amayankha ali ndi njala, mawa lake kuli mayeso.

Kwa amene timawerengabe mabukuwa, tiyeni tiziima pa tsamba limene mmodzi wazindikira, n'kudzifunsa: ndikanakhala ine amene sindikudziwa, ndikanafuna andiuze liti? Yankho lake n'lakuti tsiku lomwelo.

Pa moyo wathu, tigwire zinthu zitatu. Choyamba, wosatchula dzina tisamupatse chimene sitingapatse mlendo pa depoti: chinsinsi, chithunzi kapena ndalama. Chachiwiri, wina akatilembera mobisala, timuuze msanga kuti adziulule, ndipo tiuzeko mnzathu wodalirika kapena wamkulu wina. Wamanyazi weniweni adzavutika koma adzabwera. Wachinyengo adzakhala ndi chifukwa chatsopano sabata iliyonse. Chachitatu, ngati ndife amene tikubisala, kapena tazindikira kale amene tikucheza naye koma iye sakudziwa, tiulule lero. Pa Aefeso 4:25 Paulo akutiuza kuti tizilankhula zoona chifukwa ndife ziwalo za thupi limodzi. Mwina atikana, ndipo zidzawawa. Komabe ndi ufulu wake kusankha akudziwa amene akumusankhayo.

Mafunso okambirana

1. Kodi pa koleji pano kapena ku mpingo alipo amene tinamupatsa dzina tisanamumvetsere? Tingayambire pati kuti timudziwe?

2. N'chifukwa chiyani timamasuka polemba uthenga kuposa polankhula pamaso? Ndi nkhani ziti zimene siziyenera kukambidwa pa foni?

3. Ethan anathandizadi Jessie pa nthawi imene analibe mnzake. Kodi thandizolo likufafaniza kuti ankamudziwa koma osamuuza? Akanachita bwanji mwina?

4. Mng'ono wathu wa Fomu 2 atatiuza kuti akucheza ndi munthu amene sakumudziwa dzina, tingamuyankhe bwanji kuti asatibisirenso mawa?