Phunziro: pansi pa mtengo wa mango pali phindu



Pafupifupi khomo lililonse kuno kunyanja lili ndi mtengo wa mango, ndipo pansi pake timangosesapo basi. Chimanga sichichita bwino pamthunzi, tomato naye amangowonda. Koma chilipo chomera chomwe dzuwa la ku Mangochi ndi ku Salima limachipsereza, pomwe pamthunzi chimakondwa. Dzina lake ndi azolla.

Azolla ndi wa m'banja la ma fern, zomera zosachita maluwa zija timaziona m'makhwawa a ku Zomba ndi ku Mulanje. Kusiyana kwake n'kwakuti iyeyu ndi wamng'ono ngati chikhadabo ndipo amayandama pamadzi. M'timasamba take mumakhala tizamoyo tosaoneka ndi maso totenga nayitirojeni mumpweya, yemwe uja timamugula modula m'thumba la urea. N'chifukwa chake alimi ampunga a ku China ndi ku Vietnam akhala akumudzala m'minda mwawo kwa zaka mazanamazana. Nkhuku, abakha, chambo ndi makumba a m'damu zonse zimadya.

Kadzalidwe kake nkosavuta. Tikumbe dzenje la mamita 2 mbali zonse, lakuya masentimita 20, pansi pakhale posalala, tiyalemo pulasitiki wosabooka. Tithiremo dothi losefa makilogalamu 10 mpaka 15, ndowe za ng'ombe makilogalamu 2 zosungunula, ndi madzi okwana masentimita 10. Kenaka timwazemo azolla theka la kilogalamu. Pakatha masiku 10 mpaka 15 amakhala ataphimba madzi onse, ndipo tikhoza kumawengula pafupifupi theka la kilogalamu patsiku, insha Allah.

Posankha malo ndi pomwe ambiri tingalakwitse. Patsinde penipeni pali mdima, ndipo azolla sachulukana. Tikumbe cha kumapeto kwa nthambi, pomwe dzuwa la m'mawa limafika koma la masana ayi. Chomerachi chimadzinenera chokha: chikayamba kufiira, ndiye kuti dzuwa lachuluka kapena chakudya chachepa m'madzimo. Masamba a mango ogweramo tizichotsa tsiku ndi tsiku asanawole.

Tisanapatse ziweto, titsuke bwinobwino ndi madzi oyera kuti ndowe ndi fungo lake zichoke. Nkhukuyo ndi yomwe tidzazinge pa Eid, ndiye tisamale zomwe ikudya. Komanso tisanamizane: azolla wamuwisi ndi madzi okhaokha, kuposa magawo 90 pa 100 alionse. Sangalowe m'malo mwa gaga. Timasakaniza, kuti thumba la gaga lifike patali, makamaka mu Novembala ndi Disembala nyanja ikatsekedwa, ndalama ya pakhomo itachepa.

Dzenjelo timangire kampanda. Mbuzi zimaboola pulasitiki, ndipo kwa mwana wokwawa, madzi ochepawo ndi ngozi ndithu.

Azolla wotsala tisamutaye mumtsinje kapena m'nyanja. Tonse tikudziwa zomwe namasupuni wachita mu Shire. Ku South Africa mtundu wina wa azolla, wochokera ku America, udaphimba madamu mpaka akatswiri adachita kubweretsa kachirombo komudya mu 1997. Nyanjayi ndi amanah yomwe Allah adatisungitsa, ndipo ndi momwe mukuchokera ndiwo ndi fizi ya ana athu. Wotsalayo timufotsere m'dimba la mpiru kapena m'munda wa mpunga, awolere momwemo.