Nthata pa Mphaka Woyamwitsa ndi Tiana Take: Mafunso ndi Mayankho

M'nyumba zambiri za ku Maramba, Dambwa, Libuyu ndi Linda muno mu Livingstone, mphaka ndiye mlonda wa thumba la ufa. Nthawi yoswa ikakwana amadzisankhira yekha malo: m'katoni yakale, kuseri kwa matumba a makala, kaya pansi pa bedi. Malo amdima, ofunda ndi afumbi oterowo ndi omwenso nthata zimakonda. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni amphaka amafunsa kawirikawiri.

Mphaka wathu waswa sabata yatha ndipo tiana tadzaza nthata. Kodi zidzatha zokha?

Sizitha zokha, ndipo musazengereze. Kamwana ka mphaka kamabadwa kakulemera magalamu pafupifupi 100, moti magazi ake onse sangadzaze sipuni yaikulu. Mphaka wamkulu nthata zimangomuyabwitsa, koma kamwana zimakamaliza magazi mpaka kufa. Tukulani mlomo wake pang'ono muone nkhama. Za kamwana kathanzi zimakhala zofiirira. Zikakhala zotuwa kapena zoyera, kamwanako kali kozizira, kofooka, kosafuna kuyamwa, ndiye kuti magazi achepa kale. Kafunditseni n'kupita nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Ndidziwa bwanji kuti ndi nthata?

Patulani ubweya wapakhosi, wam'khwapa ndi wapamimba. Mukaona timadontho takuda, tigwedezereni pa kansalu koyera konyowa. Tikasungunuka n'kusiya mtundu wofiira, ndi zitosi za nthata, magazi amene zayamwa.

Ngati pakhomo pali nkhuku, yang'ananinso m'mphepete mwa makutu. Utitiri wa nkhuku, uja umakakamira pa lipombo ndi kuzungulira maso, umakakamiranso amphaka ndipo sudumpha. Upakeni Vaseline pang'ono, kenaka muuchotse modekha.

Ndili ndi dipi imene ndimasambitsira galu. Bwanji ndingoisungunula kwambiri n'kuviikamo tianato?

Ayi, chonde musatero, ngakhale mutathira madzi ochuluka bwanji. Funso ili ndi limene likundichititsa kulemba kabukuka, chifukwa amphaka ambiri amafa m'manja mwa eni ake amene ankafuna kuwathandiza.

Chigawo chathu cha Kummwera ndi cha ng'ombe, ndipo dipi imapezeka m'sitolo iliyonse ya zaulimi. Anthu aizolowera, amaona ikugwetsa nkhupakupa pa ng'ombe ndi pa galu, ndiye amaganiza kuti chiweto chilichonse ingachithandize. Thupi la mphaka ndi losiyana. Chiwindi chake chilibe mphamvu yosungunula mankhwala ena amene galu ndi munthu amawachotsa m'thupi mosavuta, choncho poizoni amaunjikana n'kugwira mitsempha ndi ubongo. Woopsa kwambiri ndi permethrin pamodzi ndi abale ake monga cypermethrin ndi deltamethrin, amene ali m'madipi ambiri ndi m'mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu. Amitraz, wa m'madipi enanso, sayenera mphaka. Mankhwala odontheza pakhosi pa galu otchedwa Advantix ali ndi permethrin, ndipo amatha kupha mphaka amene wangogona pafupi ndi galu wodonthezedwa kumene. Fumbi losungira chimanga la Actellic Super lilinso ndi permethrin, tsono musawaze pa mphaka kapena pogona pake.

Kumbukiraninso kuti mphaka amadzinyambita, ndipo make amanyambita tiana take kangapo pa tsiku. Chilichonse mwapaka pa ubweya chimathera m'mimba. N'chifukwa chake palafini, oyilo wa galimoto, madzi a fodya ndi adyo nazonso n'zoletsedwa.

Ngati zachitika kale, mudzaona mphaka akunjenjemera, makutu ndi khungu zikugwedezeka zokha, akutuluka dovu, akudzandira kapena kuphupha. Mutsukeni msanga ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale, mumpukute, muthamange naye kwa dokotala. Musamumwetse mkaka kapena mafuta mokakamiza, angatsamwe. Panado musayerekeze n'komwe: piritsi limodzi limapha mphaka.

Nanga tiana tating'ono chonchi ndingatithandize ndi chiyani?

Ndi manja anu ndi chipeso. Pezani chipeso cha mano othinana, chija chochotsera nsabwe kumutu. Ikani pambali kapu ya madzi ofunda muli sopo pang'ono. Gonekani kamwana pa nsalu yoyera pamiyendo panu, mukapese pang'onopang'ono kuchokera kumutu kutsikira kumchira, osaiwala pansi pa chibwano ndi m'khwapa. Nthata iliyonse yakodwa, iviikeni m'kapu muja. M'madzi opanda sopo imayandama n'kuthawa, koma m'madzi a sopo imamira. Kamwana kamodzi musakasunge nthawi yaitali, kabwezereni kwa make mutenge kena. Chitani zimenezi m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse.

Ena amaopa kuti make akana tiana takhudzidwa ndi munthu. Mphaka wozolowera pakhomo sachita zimenezo. Sambani m'manja, gwirani ntchitoyo iye akuona, musatitengere kutali.

Kodi ndingatisambitse?

Pokhapokha nthata zitachuluka moti chipeso chalephera. Kwa masabata atatu kapena anayi oyamba, kamwana ka mphaka sikatha kudzifunditsa kokha, kamadalira thupi la make, ndipo kuzizidwa kumakapha msanga kuposa nthata. Mu Juni ndi Julayi, pamene usiku wa ku Livingstone umazizira kwambiri, pewani kusambitsa. M'miyezi yotentha ngati Okutobala chitani masana, m'nyumba mopanda mphepo.

Madzi akhale ofunda, oti chigongono chanu chisamve kutentha. Yambani ndi kupaka kathovu ka sopo wotsukira mbale kuzungulira khosi, kuti nthata zisathawire kumaso ndi m'makutu. Sambitsani kuyambira pakhosi kutsika, mutu usalowe m'madzi. Tsukuluzani bwino, mumalize zonse m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Pukutani mpaka kaumiretu, kafungatireni pachifuwa panu, kenaka kabwerere ku bere.

Make ndimupatse mankhwala ati?

Apa ndi pamene pali chithandizo chenicheni, pakuti nthata za tiana zimachokera kwa make. Pali mankhwala odontheza kumbuyo kwa khosi opangidwira amphaka, amene woyamwitsa angalandire: imidacloprid wa mu Advantage, fipronil wa mu Frontline, ndi selamectin wa mu Revolution. Make akalandira imidacloprid, nthata za pa tiana tomwe tikumukhudza zimafanso. Amadontheza kamodzi pa mwezi, pakhungu penipeni osati pa ubweya, pamalo pamene sangadzinyambite. Dikirani paume tiana tisanabwerere kwa iye.

Werengani paketi musanalipire. Pakhale chithunzi cha mphaka, osati cha galu, ndipo mayina a Advantage ndi Advantix musawasokoneze. Mankhwala opungulidwa m'kabotolo kopanda dzina, ngakhale atchipe chotani, asiyeni. Funsani ku ofesi ya boma ya za ziweto muno mu Livingstone kapena kwa dokotala wa ziweto.

Tiana tokha sitilandira mankhwala odontheza mpaka titakwana masabata 8. Fipronil wopopera yekha ndi amene amaloledwa kuyambira masiku awiri, koma muyeso wake umatengera kulemera kwa kamwanako, choncho ntchito imeneyo isiyireni dokotala.

Ndachita zonsezi koma patatha sabata zabweranso. Zikuchokera kuti?

Pansi. Nthata zimene mumaona pa mphaka ndi gawo laling'ono chabe, zochuluka zili m'nyumba ngati mazira ndi timphutsi. Yaikazi imodzi imaikira mazira mpaka 40 kapena 50 pa tsiku. Mazirawo samatirira ku ubweya, amayoyokera pa nsanza, m'ming'alu ya simenti ndi mumchenga wapamthunzi, umene tili nawo wambiri muno. Kukafunda ndiponso kukakhala chinyezi, monga m'dzinja kuyambira Novembala mpaka Marichi, dzira limasanduka nthata yoluma m'masabata awiri kapena atatu. Zina zimakhala phee m'chikwa kwa miyezi, kudikira chamoyo chidutse.

Tsono katoni yakale itentheni, muike ina. Nsanza zogonera muzisintha masiku awiri alionse, kuzichapa ndi madzi otentha kwambiri n'kuziyanika padzuwa la masana, pakuti timphutsi sitipirira kutentha ndi kuuma. Sesani tsiku lililonse mpaka m'makona ndi pansi pa mipando, zinyalalazo muzitenthe, kenaka mukolope ndi sopo. Galu wapakhomo alandire mankhwala ake, khola la nkhuku lisesedwe. Pitirizani kwa miyezi itatu. Mukafuna kupopera chipinda, samutsani kaye make ndi tiana, ndipo asabwerere mpaka mutauma, mwapita mphepo ndiponso mwakolopa.

Kodi nthata zimenezi zingadwalitse ana athu?

Zimaluma anthu, makamaka m'akakolo, ndipo mwana akamakanda pamabuka zilonda. Zimanyamulanso njoka zam'mimba: mphaka akameza nthata podzinyambita, mudzaona pansi pa mchira wake tizidutswa toyera tonga njere za mpunga. Mwana wokwawa atameza nthata angatengenso njokazo. Ana azisamba m'manja akagwira mphaka, ndipo pamene wawakanda pazitsukidwa ndi sopo.

Nthata zoopsa koposa ndi za makoswe, zimene zimafalitsa mliri wa makoswe. Matendawa anabukapo ku Namwala m'chigawo chathu chino mu 1997, ndi ku Nyimba mu 2015. Ichi sichifukwa chotayira mphaka kutchire. Mphaka wosamalidwa bwino amachepetsa makoswe pakhomo. Mukaona makoswe akufa okha ambiri, musawagwire ndi manja, dziwitsani a zaumoyo.

Tiana tikakula, chotsatira n'chiyani?

Make ndi tiana amafunika mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo dokotala adzakuuzani muyeso wake. Pa masabata 8 tiana tingayambe kudonthezedwa mankhwala a nthata, mutatiyeza kaye pa sikelo. Pa miyezi itatu tibayitseni katemera wa chiwewe, chifukwa amphaka nawonso amadwala ndi kufalitsa matendawa. Make akhoza kutenga bere lina patangopita masabata ochepa ataswa, choncho tiana tikangoleka kuyamwa kambiranani ndi dokotala za opaleshoni yoti asaswenso.