Opaleshoni yochepetsa thupi: zoyenera ndi zosayenera posankha mtundu wake

Munthu akanenepa mpaka kumapuma befu pokwera masitepe ochepa, shuga osatsika ngakhale akumwa mankhwala, mawondo akupweteka usana ndi usiku, madokotala nthawi zina amatchula za opaleshoni. Si yochotsa mafuta pamimba ayi. Dokotala amachepetsa chifu, kapena kusintha njira imene chakudya chimadutsa m'matumbo, kuti munthu azikhuta msanga, njala ichepe, ndipo thupi lizigwiritsa bwino ntchito shuga.

Anthu akwathu ofuna opaleshoniyi kawirikawiri amaitsatira kunja, monga ku South Africa ndi ku India, pomwe ena amaipeza ku Britain kumene akukhala. Apa ndi pamene pagona nkhani. Opaleshoniyo imatha ola limodzi kapena awiri, koma chisamaliro chake n'cha moyo wonse, ndipo zaka zambiri za moyo umenewo munthu amakhala ali kwawo, kutali ndi dokotala amene anamuchita. Choncho mtundu wabwino ndi umene ukugwirizana ndi matenda amene muli nawo, komanso umene mungakwanitse kuusamalira kumene mukukhala.

Mitundu yake mwachidule

Sleeve. Dokotala amadula n'kutaya pafupifupi magawo anayi mwa magawo asanu a chifu, n'kusiya kachubu kooneka ngati nthochi. Matumbo sawakhudza. Chimene chadulidwacho sichibwereranso.

Bypass. Amapanga kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu, kolowa mamililita pafupifupi 30, n'kukalumikiza ndi matumbo aang'ono chakutsogolo. Chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi chigawo choyamba cha matumbo. Njirayi anaiyambitsa ndi Edward Mason ku Iowa, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1960.

Band. Amamanga kalamba kumtunda kwa chifu. Kalambako kamalumikizidwa ndi kabatani kobisika pansi pa khungu la pamimba, pamene dokotala amabayapo singano n'kuthira kapena kuchotsa madzi amchere kuti kathine kapena kamasuke.

Duodenal switch. Imaphatikiza sleeve ndi kulambalala gawo lalikulu la matumbo. Ndiyo yoondetsa kuposa zonse, komanso ndiyo yosiya thupi likusowa zakudya zofunika kuposa zonse.

1. Kudziwa ngati opaleshoni ndi yanudi

Zoyenera: Yambani mwawerengera BMI yanu. Tengani makilogalamu anu, mugawe ndi kutalika kwanu m'mamita, zimene mwapezazo mugawenso ndi kutalika komweko. Munthu wolemera makilogalamu 120, wotalika mamita 1.65, BMI yake ndi 44. Malangizo a ku America a 1991 ankalola opaleshoni kwa amene BMI yawo yafika 40, kapena 35 ngati ali ndi matenda monga shuga. Mu 2022 mabungwe a madokotala a ntchitoyi, ASMBS ndi IFSO, anatsitsa malirewo kufika pa 35 kwa aliyense, ndi 30 kwa amene ali ndi matenda monga shuga. Funsaninso za jakisoni wochepetsa thupi wa semaglutide ndi tirzepatide, mukudziwa kuti ambiri akamusiya thupi limabwerera.

Zosayenera: Musafune opaleshoni chifukwa cha diresi la ukwati kapena mawu onyoza a anthu. Ngati muli ndi makilogalamu khumi okha ofuna kutaya, mpeni suli pa inu.

2. Chilungulira

Zoyenera: Muuzeni dokotala ngati mumamva kutentha pamtima mukadya, kapena madzi owawa akumabwerera kukhosi mukagona. Pemphani akuunikeni kummero ndi m'chifu ndi kachubu ka kamera, ayezenso kachilombo koyambitsa zilonda za m'mimba kotchedwa Helicobacter pylori, kamene kali kofala kwambiri mu Africa. Kakapezeka, kaphedwe ndi mankhwala opaleshoni isanachitike. Kwa munthu wa chilungulira chachikulu, madokotala ambiri amakonda bypass.

Zosayenera: Musasankhe sleeve chifukwa choti ndi yotchuka kapena yofulumira pamene chilungulira chikukusowetsani kale tulo. Chifu chikasanduka kachubu, asidi amakankhidwira kummero mosavuta. Kafukufuku wa ku Switzerland wotchedwa SM-BOSS, amene zotsatira zake za zaka zisanu zinatuluka mu 2018, anapeza kuti a sleeve ndi a bypass sanasiyane kwambiri pa kuonda, koma chilungulira chinakula mwa a sleeve ambiri kuposa a bypass, pamene mwa a bypass ambiri chinatha. Ena a sleeve amafika pochitidwa opaleshoni yachiwiri, kuisandutsa bypass. Kwa munthu amene anagulitsa malo kuti alipire ulendo woyamba, wachiwiriwo ndi katundu wolemera.

3. Matenda a shuga

Zoyenera: Nenani zaka zimene mwakhala ndi shuga, ndi ngati mumabaya insulin. Amene adwala zaka zochepa ndipo sanayambe insulin ndiwo amakhala ndi mwayi waukulu woti shuga akhale m'malo popanda mankhwala. Mu kafukufuku wa STAMPEDE ku Cleveland Clinic, patapita zaka zisanu, anthu 29 pa 100 alionse a bypass ndi 23 pa 100 alionse a sleeve anali ndi shuga wotsika kufika pamlingo umene ofufuzawo anaika, pamene mwa omwa mankhwala okha anali 5 pa 100.

Zosayenera: Musamve ngati shuga watheratu. Manambala omwewo akusonyeza kuti ambiri sanafike pamlingowo, ngakhale anapeza bwino kuposa kale. Kwa ena amabwerera patapita zaka. Musataye kamakina koyezera, ndipo mankhwala a shuga ndi a BP musachepetse nokha. Dokotala ndiye awasinthe, chifukwa mlingo wakale ungathe kukugwetsani m'masiku oyamba omwe.

4. Kumene mudzakhale pambuyo pake

Zoyenera: Musanagule tikiti ya ndege, pezani dokotala wa kwanu amene wavomera kukutsatirani, ndi malo amene angakuyezeni magazi miyezi ingapo iliyonse m'chaka choyamba, kenako chaka ndi chaka. Zoyeza zake ndi ayironi, vitamini B12, vitamini D, kashiamu ndi folate. Werengerani ndalama za mavitamini a tsiku ndi tsiku ndi jakisoni wa B12, amene ambiri amabaya miyezi itatu iliyonse, ngati mmene mumawerengera ndalama za lendi. Mukaona kuti zimenezi zizikuvutani kupeza, nenani poyera. Sleeve imasokoneza pang'ono mmene thupi limatengera zakudya poyerekeza ndi bypass, ngakhale nayonso imafuna mavitamini.

Zosayenera: Musatengeke ndi band chifukwa choti imatha kuchotsedwa. Kalambako kamafuna kusinthidwa kangapo, makamaka m'chaka choyamba, ndi munthu wodziwa kupeza kabatani kaja ndi singano yake yapadera. Ngati munthu ameneyo ali ku Johannesburg inu muli ku Kasungu, band yakulakani musanaiyambe. Imaondetsanso pang'ono kuposa zinazo, imatha kutsetsereka kapena kudya khoma la chifu, n'chifukwa chake zipatala zambiri zinaisiya. Duodenal switch nayo musaiyandikire ngati kuyezetsa magazi pafupipafupi kuli kovuta, chifukwa kusowa kwa zakudya m'thupi kumabwera mwakachetechete, munthu n'kudzazindikira miyendo itachita dzanzi kapena mafupa atafooka.

5. Mankhwala amene mumamwa kale

Zoyenera: Tengani mapaketi onse mukaonetse, ngakhale amene mumagula pa golosale. Ngati muli pa ma ARV, dziwitsani dokotala wa opaleshoni komanso a kuchipatala kumene mumalandirira mankhwala. Opaleshoni ingathe kusintha mmene mankhwala amalowera m'magazi, choncho kuchuluka kwa kachilombo kuyezedwe pafupipafupi. Palinso china: dolutegravir, amene ali m'piritsi limene ambiri a pa ma ARV akumwa masiku ano, salowa bwino m'magazi akamwedwa pamodzi ndi mapiritsi a kashiamu kapena ayironi m'mimba mulibe kanthu. Mavitamini a pambuyo pa opaleshoni ndi omwewo. Pemphani akulembereni nthawi ya aliwonse.

Zosayenera: Musabise kuti mumadalira Brufen, diclofenac kapena Indocid pa msana ndi mawondo. Kwa munthu wa bypass, mankhwala amenewa amayambitsa zilonda pamene kathumba kalumikizana ndi matumbo, zilonda zimene zimatha kutuluka magazi kapena kuboola. Ngati simungakhale popanda mankhwala oterewa, chimenecho chokha chingapangitse dokotala kukonda sleeve.

6. Mbale yanu

Zoyenera: Dziwani mmene mudzadyere, mtundu uliwonse umene mungasankhe. Masabata awiri opaleshoni isanachitike ambiri amapatsidwa chakudya chochepa kuti chiwindi chiphwe, dokotala aone bwino pogwira ntchito. Ikachitika mumayamba ndi zamadzimadzi, kenako zopota, kenako zofewa, kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Kuchokera apo ndiwo ndizo zimatsogola: dzira, nsomba, nkhuku, nyemba, chambiko, kuti mupeze magalamu osachepera 60 a zomanga thupi patsiku. Nsima imabwera pomaliza, mbamu ziwiri kapena zitatu, zotafunidwa mpaka kusalala. Madzi amadikira theka la ola mutadya. Auzeni a pakhomo zimenezi nthawi ikadalipo, kuti apongozi asadzakhumudwe mukabweza mtanda wathunthu.

Zosayenera: Musasankhe bypass mosadziwa zimene zotsekemera zidzakuchiteni. Shuga akalowa m'matumbo mwachangu, pasanathe theka la ola munthu amatuluka thukuta, mtima kugunda, chizungulire, m'mimba kupotokola, kenako kuthamangira kuchimbudzi. Botolo la Fanta pa ukwati kapena kapu ya thobwa lothira shuga wambiri n'zokwanira. Koma musaganizenso kuti sleeve ndi chilolezo. Tiyi wa shuga wambiri, sobo ndi mabisiketi zimadutsa m'kachubu kaja popanda chotchinga, thupi n'kubwerera pang'onopang'ono.

7. Kubereka

Zoyenera: Ngati mukufuna mwana, dikirani miyezi 12 mpaka 18, thupi lisiye kutsika. Amayi ambiri amene ankavutika kutenga pakati amatenga mosavuta akayamba kuonda, choncho konzani za kulera opaleshoni isanachitike. Lupu kapena njira ya pamkono ndi zodalirika.

Zosayenera: Musadalire mapiritsi olera mutachitidwa bypass, chifukwa mwina sangalowe mokwanira m'magazi. Mukadzakhala oyembekezera, musaiwale kuuza a sikelo mtundu wa opaleshoni imene munachitidwa.

8. Fodya, mowa ndi za mumtima

Zoyenera: Siyani fodya masabata osachepera asanu ndi limodzi opaleshoni isanachitike, ndipo musabwererenso. Ngati mumadya kwambiri mukakhala ndi nkhawa, kapena munadwalapo matenda a maganizo, kambani ndi mlangizi poyamba.

Zosayenera: Musabise kuchuluka kwa mowa umene mumamwa pouza dokotala. Pambuyo pa opaleshoni, makamaka bypass, mowa umafika m'magazi mofulumira, botolo limodzi n'kuledzeretsa munthu amene kale ankamwa angapo. Ena amene sanali zidakwa amagwera m'mowa patapita zaka.

9. Dokotala ndi mtengo wake

Zoyenera: Safunsa anadya phula. Funsani kuti amachita maopaleshoni angati pachaka, ndiponso ngati amachita mitundu yoposa umodzi. Funsani chifukwa chimene wakusankhirani mtundu umenewu osati winawo. Funsani ngati chipatalacho chili ndi chipinda cha odwala mwakayakaya ndi katswiri wa zakudya, komanso amene adzalipire zikavuta. M'zipatala zozolowera ntchitoyi, amamwalira ndi munthu pafupifupi mmodzi pa 1,000, koma chiwerengero chimenecho n'cha manja ozolowera.

Zosayenera: Musasankhe potengera zithunzi za pa Facebook kapena mtengo wotsika wophatikiza hotela ndi galimoto. Anthu angapo a ku Britain amwalira atachitidwa maopaleshoni otere ku Turkey, mpaka boma lawo linachenjeza nzika zake. Dokotala amene wakuuzani mtundu wa opaleshoni pa WhatsApp asanaone zotsatira za magazi anu, muthaweni. Musatengerenso kuti mnzanu wa kuntchito anaonda bwino ndi sleeve. Iye alibe chilungulira chanu, shuga wanu, kapena mankhwala anu.

10. Ulendo wobwerera kwanu

Zoyenera: Khalani pafupi ndi chipatalacho masiku onse amene dokotala wanena, chifukwa msoko ukadontha kapena magazi akaundana m'mitsempha, kawirikawiri zimachitika m'masabata oyambirira. M'ndege muziimirira n'kuyendayenda. Bwerani ndi lipoti lolembedwa lofotokoza mtundu wa opaleshoni, zimene zadulidwa ndi zimene zalumikizidwa, ndipo makope ake akhale ndi dokotala wanu komanso wachibale mmodzi.

Zosayenera: Musagone kunyumba podikira kuti kuche ngati mtima ukugunda koposa ka 120 pa mphindi, thupi latentha, mukubanika, kapena ululu wa m'mimba ukufika paphewa lakumanzere. Musapirirenso kusanza kwa masiku angapo, chifukwa kumatha vitamini B1 m'thupi ndipo kungawononge ubongo. Kwa a bypass, kupweteka koopsa kwa m'mimba ngakhale patapita zaka kungakhale matumbo opotana. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, lipoti lili m'manja, ndipo mawu oyamba kuuza namwino akhale dzina la opaleshoni yanu ndi tsiku limene inachitika.