Makiyi onse m'thumba la aliyense

Nkhani ya Cashgate sinachedwe kufika ku Ulongwe, poti Dedza ndi pafupi ndipo pa chipata cha Calómuè anthu amadutsa tsiku lililonse. Ambiri amakumbukira kuwomberedwa kwa mkulu wina wa m'boma la Malawi, Paul Mphwiyo, mu September 2013, ndi ndalama zopezeka m'mabuti a magalimoto a ogwira ntchito m'boma ku Lilongwe. Zimene zinachitika mkati mwa makompyuta ndiye zimaiwalika msanga. Akafukufuku a Baker Tilly anapeza kuti mu IFMIS, pulogalamu yolipirira ndalama za boma la Malawi, anthu ankalemba malipiro a katundu amene sanaperekedwe, cheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zonse ngati palibe chachitika. Mabiliyoni a makwacha anapita m'miyezi isanu ndi umodzi. Akubawo sanathyole chitseko chilichonse. Anali ndi chilolezo cholemba ndi chofufuta pa nthawi imodzi.

Inu achinyamata amene mukulemba mapulogalamu m'magulu, kaya ndi a kusukulu ya zaulimi ya UniZambeze kapena mukukonzera wamalonda pulogalamu yowerengera matumba a mbatatesi, nkhaniyi ndi yanu. Mukatsegula repository ya gulu pa GitHub, pali maudindo asanu: Read, Triage, Write, Maintain ndi Admin. Chizolowezi chathu n'chopatsa aliyense Admin, kuopa kuti mnzathu angati sitikumukhulupirira. Ena amangopanga akaunti imodzi, pasiwedi n'kuiponya pa WhatsApp. Ulemu umenewu ndi wokwera mtengo. Wa Admin angathe kufufuta repository yonse, kuitsegula kuti dziko lonse liione, kapena kulowetsa munthu amene enanu simukumudziwa. Ngakhale wa Write, ngati nthambi yaikulu simunaiteteze, angathe kuchita force push n'kupukuta mbiri ya ntchito ya anzake. Ndipo akaunti ikakhala imodzi, tsiku la mlandu aliyense amati "si ine", osanama n'komwe mwina.

Musaganize kuti zimagwera osadziwa okha. XZ Utils ndi kapulogalamu kamene kali m'makompyuta ambirimbiri a Linux, ndipo kwa zaka zambiri Lasse Collin ankakasamalira yekha, osalipidwa. Mu 2021 kunabwera wina wodzitcha Jia Tan, wakhama, waulemu, wokonza zolakwika osadandaula. Pang'onopang'ono anapatsidwa mphamvu zotulutsa pulogalamuyo. Mu 2024 anabisamo khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a eni. Amene anaulula za khomolo ndi Andres Freund pa 29 March, atangodabwa kuti bwanji SSH ikuchedwa ndi theka la sekondi. Jia Tan anadikira zaka zoposa ziwiri kuti amukhulupirire.

Ndiye kukhulupirirana kulekeni kukhale kwa pa nsima. Pa repository, wongofuna kuona ntchito mupatseni Read. Wolemba code akhale ndi Write, koma zimene walemba zizidutsa pa pull request, wina aziwerenge zisanalowe mu nthambi yaikulu. Admin akhale awiri, kuti mmodzi akadwala kapena akataya foni gulu lisatsekeredwe kunja. Mapasiwedi a database asalembedwe mu code, chifukwa ngakhale mutawafufuta lero, Git imasungabe zakale.

Chimene timazengereza kwambiri ndi kuchotsa amene anachoka. Mnzanu anamaliza maphunziro, anapita ku Tete kapena ku Joni, koma dzina lake likadali pa mndandanda, ndipo laputopu yake anaigulitsa osatulukamo mu akaunti. Tsegulani Settings lero lomwe, muwerenge mayina onse amene ali ndi chilolezo, ndipo amene sakugwiranso nanu ntchito mumuchotse, mukatero mumuimbire foni yomufotokozera.