Matimati Akaculuka ku Kafue: za Dimba, Botolo ndi Foni

Caka ndi caka m'nyengo ya cilimwe misika ya ku Kafue imafiira ndi matimati. Ali yense amene ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje, ku Chanyanya, kapena kuseri kwa nyumba ku Zambia Compound ndi ku Kafue Estates, amathyola pa nthawi imodzi ndi anzace, ndipo mtengo umagwa. Ena amakweza mabokosi pa galimoto kunka nao ku msika wa Soweto ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 45, napeza kuti alimi a madera ena anafika kale ndi ao. Koma mvula ikakhazikika, m'miyezi ya January ndi February, cinyontho ndi matenda a masamba ziononga mbeu, matimati asowa, ndipo mai amene anataya dengu lathunthu kudzala ayamba kugula kamulu ka matimati anai pa mtengo wowawa.

Lero tifuna kukamba ndi inu amai osunga nyumba, ndi inunso abambo, za njira zopulumutsira zimene ziculuka pakhomo panu. Musadalire firiji yokha iai. Mukumbuka bwino caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, magetsi nazima maola ambiri pa tsiku. Ndiwo zambiri zinaolera m'mafiriji caka cimeneco.

Nchito iyambira ku dimba. Cimene ciculukitsa matimati pa nthawi imodzi ndi kufesa mbeu yonse tsiku limodzi. Gawani mbeu yanu patatu kapena panai, ndipo fesani pa nazale pang'ono pang'ono, kulekanitsa masabata atatu. Mbande zikhala pa nazale monga mwezi umodzi, ndipo mukaziokera mudikira miyezi iwiri ndi theka kapena itatu kuti muyambe kuthyola. Mukatero bedi lina liri kupsa pamene lina liri kucita maluwa, ndipo ndalama ilowa sabata ndi sabata. Musabzale matimati pamalo pamene panali matimati, mbatatesi kapena tsabola caka catha, cifukwa mbeu izi ndi za pa cibale, ndipo matenda ao ndi amodzi. Mukazula mtengo wa matimati nimuona mizu yotupatupa ngati mikanda, dziwani kuti m'nthaka muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Pamenepo bzalanipo cimanga kapena anyezi poyamba. Thirirani pa tsinde, osati pa masamba, ndipo phimbani nthaka ndi udzu wouma kuti madzi asathe msanga m'mwezi wa October.

Kuyambira caka ca 2016 alimi a m'Zambia ali ndi mdani wina, kambozi kochedwa Tuta absoluta, kamene kalowa m'kati mwa tsamba ndi kuboola cipatso. Funsani mlangizi wa zaulimi za mankhwala oyenera, ndipo werengani pa botolo masiku amene muyenera kudikira musanathyole. Matimati opopera dzulo si oika m'botolo lero, ndiponso si ogulitsa kwa mnzanu.

Tsono tifike pa botolo, pakuti apa ndi pamene pali phindu, ndiponso pamene pali ngozi. Njira yosunga cakudya m'botolo lotseka ndi lophika inachuka ndi munthu wa ku France, Nicolas Appert, amene analemba buku lace m'caka ca 1810. Moto upha tizirombo toolesa cakudya, nucotsa mpweya m'botolo. Botolo likazizira cibvundikiro cimamatirira, ndipo tizirombo tina sitingalowenso. Koma kuli kacirombo kamodzi ka m'nthaka, kochedwa Clostridium botulinum, kamene mbeu zace sizifa m'madzi owira. Kacirombo aka kakonda malo opanda mpweya, monga m'botolo lotseka, ndipo kapanga ululu woopsa koposa. Kuti mbeu zace zife pafunika kutentha kwa madigiri 116 kapena kuposa, kumene kupezeka m'mphika wapadera wotsekera nthunzi wokha. Mphika wanu wa pa mbaula sufika pamenepo. Ndiponso Kafue ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja ya mcere, kotero madzi athu awira pa madigiri monga 97, osafika ndi 100 pomwe.

Cimene cititeteza ndi cakuti kacirombo aka sikakula m'cakudya cowawasa. Cifukwa cace lamulo lace ndi ili: m'botolo lophika m'madzi owira muike zipatso zowawasa, jamu, ndi ndiwo zomizidwa mu viniga. Nyama, nsomba, nyemba, cimanga caciwisi, bowa ndi masamba musaziike m'botolo. Zimenezo njira yace ndi dzuwa, mcere ndi utsi, monga acitira asodzi a m'dambo la Kafue ndi nsomba zao.

Matimati ali pakati. Ena ndi owawasa mokwanira, ena iai, ndipo lilime silingathe kukuuzani. Motero pa botolo liri lonse la lita imodzi thirani masupuni aakulu awiri a madzi a mandimu, kapena masupuni aakulu anai a viniga wa m'sitolo. Pa botolo la theka la lita thirani theka lace. Sankhani matimati okupsa bwino, olimba, opanda bala. Ophwanyika ndi oyamba kuola dyani lero lomwe. Atsukeni, muwabviike m'madzi owira kwa mphindi imodzi, kenaka m'madzi ozizira, ndipo khungu lidzasendeka lokha. Aduleni panai, muwaphike m'mphika mpaka awire kwa mphindi zisanu. Thirani mandimu m'botolo lotsuka ndi lotentha, dzazani matimati akali otentha, ndi kusiya mpata wonga kunenepa kwa cala pakamwa pa botolo. Pukutani pakamwa ndi kansaru koyera, nimutseke, koma osamanga ndi mphamvu yonse.

Yalani nsaru pansi pa mphika waukulu kuti mabotolo asakhudze citsulo ndi kusweka. Madzi amize mabotolo, apitirire pamwamba pace ndi zala ziwiri kapena zitatu. Muyambe kuwerenga nthawi pamene madzi awira ndithu, osati pamene mwaika mphika pamoto. Kuno kwathu botolo la theka la lita lifuna mphindi 45, la lita imodzi mphindi 55. Inde, makala apita ambiri, ndipo cifukwa cace ndi bwino kuti nyumba ziwiri kapena zitatu zigwirizane, ziphike tsiku limodzi pa mphika umodzi. Koma musadule nthawi pofuna kusunga makala.

Tiona amai ambiri afuna kuika anyezi, tsabola wobiriwira ndi mafuta ophikira m'matimati, kuti ndiwo ikhale yokonzeratu. Maganizo ndi abwino, koma zinthu izi zicepetsa kuwawasa, ndipo zitsegulira njira kacirombo kaja. Anyezi asungika yekha miyezi yambiri mukammangirira pa denga pamalo opita mphepo. Mudzamkazinga tsiku lotsegula botolo.

Mabotolo akacoka m'madzi aikeni pa thabwa kapena pa nsaru, kutali ndi mphepo, ndipo muwasiye usiku wonse. M'mawa dinikizani pakati pa cibvundikiro ndi cala. Cikakhala colowa m'kati, cosadumpha, botolo latseka. Cikadumpha, phikani matimatiwo tsiku lomwelo. Mabotolo opangidwira nchito iyi, monga a Consol, ndiwo abwino koposa, ndipo afuna zibvundikiro zatsopano caka ciri conse. Botolo la galasi la mayonezi lingathe kuthandiza pa jamu ngati pakamwa pace sipanabenthuke, ndipo cibvundikiro cace ca citsulo ciribe dzimbiri ndi mphira wace ali wathunthu. Zigubu za pulasitiki iai. Lembani tsiku pa botolo liri lonse, sungani m'malo amdima ndi ozizira, ndipo mudye caka cisanathe. Mukapeza cibvundikiro catukuka, kapena thobvu, kapena fungo lacilendo, musalawe ngakhale ndi nsonga ya supuni, ndipo musapatse nkhuku kapena galu; kwirirani m'dzenje. Munthu akadya za m'botolo nayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope kulemera, kapena kulephera kumeza, thamangani naye ku cipatala msanga, ndi kutenga botolo lomwe.

Jamu ndi wosabvuta. M'miyezi ya December ndi January mango aolera pansi pa mitengo m'makomboni onse. Tengani kilo imodzi ya mango osenda, kusakaniza okupsa ndi oyezuka, kilo imodzi ya shuga, ndi madzi a mandimu awiri. Phikani ndi kutakasa kosaleka. Donthezani pang'ono pa mbale yozizira. Akacita makwinya pomkankha ndi cala, wapsa. Thirani m'mabotolo otentha, tsekani, ndi kuwaphika m'madzi owira kwa mphindi 15. Magwafa acitanso bwino, mukasefa njere zace.

Za masamba sitidzaphunzitsa agogo athu, pakuti mfutso ndi nzeru yao. Nkhwani, khwanya, citambe ndi therere anali kuzifutsa, kuziyanika, ndi kuzimanga m'cikwatu ca masamba a msuku, ndipo banja linali kudya ndiwo mpaka mvula ina. Cimene tionjezapo ndi cacing'ono. Musaphikitse: mphindi zowerengeka m'madzi owira a mcere pang'ono zikwana. Musayanike pansi pamene pali pfumbi, nkhuku ndi nchenche, koma pa thandala, ndi kuphimba ndi kansaru kopyapyala. Masamba ouma pa mthunzi wopita mphepo asunga mtundu wace wobiriwira ndi zofunika m'thupi kuposa ouma pa dzuwa lamphamvu. Matimati naonso auma. Aduleni mopyapyala, wazani mcere pang'ono, ndipo dzuwa la September lidzawaumitsa m'masiku ocepa; njira iyi sifuna makala kapena botolo. Ndipo musayese mfutso cakudya ca amphawi. Ku Lusaka Mai Sylvia Banda anachuka ndi malonda a ndiwo zouma za makolo, zoikidwa m'mapepala okongola, zimene anthu a m'tauni agula m'masitolo.

Apa ndi pamene foni ilowa m'nkhani. Kale wogulitsa anali kudikira pa msika kapena pa mseu wa ku Livingstone. Lero mai wa ku Shikoswe angathe kujambula mfutso wace, jamu, kapena mbande za repu, naika cithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo a ku Chilanga ndi ku Lusaka aciona ola lomwelo. Ofuna kugulitsa zakudya za m'botolo kwa anthu ambiri ayambe afunsa a zaumoyo ku khonsolo ya Kafue, cifukwa cakudya cogulitsa ciri ndi malamulo ace.

Njira yomweyi igulitsanso katundu wa m'nyumba amene mwaleka kugwiritsa nchito: bedi la mwana amene anakula, kabati, mbaula ya magetsi, njinga. Tsukani cinthuco, mucijambule panja m'mawa, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mulembe mtengo ndi dera limene muli. Ngati ciri ndi cirema, nenani. Wogula amene wakwera basi kucokera ku Lusaka napeza mwendo wa kabati wothyoka sadzagula, ndipo adzauza anzace. Musajambule m'kati mwa nyumba moonetsa wailesi ya kanema ndi zina zonse zimene muli nazo, pakuti si onse oyang'ana zithunzi amene ali ogula.

Cenjerani pa ndalama. Akuba a masiku ano atumiza uthenga wofanana ndithu ndi wa Airtel Money kapena wa MTN, wonena kuti mwalandira ndalama, pamene sipanalowe ngwee ndi imodzi yomwe. Musakhulupirire uthengawo. Tsegulani nokha akaunti yanu pa foni, muone ngati ndalama yaonjezeka, ndipo pamenepo mpamene katundu acoke m'manja mwanu. Wina adzaimba nati, watumiza zoposa mtengo molakwa, mumbwezere zotsala. Wina adzati muyambe mwamtumizira ya galimoto yodzanyamulira katundu. Winanso adzadzicha wa ku kampani ya foni napempha nambala yanu yacinsinsi. Onsewa ayankheni mau amodzi, iai. Nambala yacinsinsi sipatsidwa kwa munthu ali yense, ndipo manambala a anthu otere muwanene ku kampani ya foni kapena ku ZICTA. Kumanani ndi wogula masana, pamalo a anthu ambiri monga pa msika, ndipo pitani awiri. Ngati katundu ndi wolemera kuti wogula ayenera kufika pakhomo, muturutsireni panja, ndipo pakhale munthu wina wamkulu.

Musanaike cithunzi pa foni, kambiranani m'nyumba. Milandu yambiri ya m'banja iyamba ndi katundu amene mmodzi anagulitsa mnzace ali ku nchito. Ndipo pali zinthu zimene ife tiona kuti si zogulitsa ngakhale ndalama ya sukulu itabvuta: makina osokera, pampu yothirira dimba, wilibala, ndi mphika waukulu uja wophikira mabotolo. Izi ndizo zibweretsa ndalama ya mawa. Ngati ziri kungokhala, zibwerekeni kwa anansi pa kamtengo kocepa. Koma mabotolo a galasi opanda kanthu amene anzanu a m'tauni afuna kutaya, apempheni pa gulu lanu la WhatsApp mwezi wa June usanathe, muwatsuke ndi kuwasunga mozondotsa, kuti matimati oyamba akapsa akupezeni muli nao.